A Musaphethire ndi Fulashi Yopanda Chingwe

M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, a Musaphethire ankayala mabatire awo patebulo n'kuyamba kuwanyambita limodzilimodzi. Ankanyowetsa chala ndi malovu, kuchigunditsa kunsi kwa batire, lilime pamwamba, maso ali kudenga ngati munthu wolawa mchere m'ndiwo. Likawaluma lilime ankati lili moyo. Likapanda kuwaluma ankaliponya m'mbale iliyonse imene yayandikira, malovu ali nda. Mwana wawo wamkazi ankaima pakhomo la kuchipinda, khanda lake lili kumsana, kudikira kuti atsukenso mbaleyo. Anali munthu wa mawu ochepa, woti mlendo akamupatsa moni ankayankha akuyang'ana zala za kumapazi.

A Musaphethire anali wojambula zithunzi. Dzinalo linachokera pa mawu amene ankakuwa asanadine kamera, ndipo linamera mizu moti ngakhale kutchalitchi ankawaitana lomwelo. Ntchitoyi anayiyamba ali mnyamata, akusesa mu situdiyo ya munthu wina. Mafoni atabwera, situdiyo inasanduka malo ometera, anzawo ambiri n'kusiya ntchitoyi. Iwo anakana. Anatuluka panja ndi kamera yawo, n'kupeza khoma lina kuseri kwa holo yochitira maukwati, khoma limene maluwa ofiirira anayanga kuchokera pansi mpaka pamwamba. Chithunzi chojambulidwa pamenepo chinkaoneka ngati anthuwo ali kumunda wa mfumu yakunja.

Zimene chithunzi sichinkaonetsa ndi ngalande. Inkadutsa kutsogolo kwa khomalo, kungosiya kanjira kopyapyala koimapo anthu. Madzi ake ankachokera kumsika, kubutchala ndi kuzimbudzi za holoyo. Anali akuda, amafuta pamwamba, oyenda mwaulesi ngati phala logona. Matewera otaya ankatsakamira m'mbali, ntchentche zobiriwira zili ng'ee. Akwatibwi ankatseka mphuno ndi kansalu mpaka a Musaphethire akuwe mawu awo aja, kenako kumwetulira msangamsanga n'kuthawapo.

Chimene chinkawasiyanitsa ndi ojambula pa foni chinali fulashi, nyali ija imathwanima kamera ikadinidwa. Dzuwa likakhala kumbuyo kwa anthu nkhope zimada bii, likakhala paliwombo maso amalowa m'maenje. Iwo ankadziwa kuti fulashi yokhala pamwamba pa kamera imasandutsa nkhope kukhala chiwaya, koma ikawalira cha m'mbali munthu amaoneka munthu. Tsono m'mbali mwake munali ngalande. Fulashi yawo inali ya chingwe chachifupi, ndipo malemu akazi awo ndi amene ankayinyamula, phazi lina pamwala, lina m'madzi a m'mphepete. Mwana wamkazi uja anakula akuwatsuka mayi ake mapazi madzulo. Ankakumbukira zilonda zoyera pakati pa zala, khungu losupuka ngati mbatata yophika, ndi fungo limene sopo ankalephera.

Banja lake litatha, mtsikanayo anabwerera kwa bambo ake ndi khanda, n'kupeza chingwe chikumudikira. Anthu a paholo anamutcha Kanyali. Bambo ake akafuna kuti asendere sankayankhula, ankangokoka chingwecho ngati akukoka mbuzi. Iye ankasendera, mkono m'mwamba, akupumira m'kamwa, akumeza malovu kuti asasanze pamaso pa eni ukwati.

Chingwecho chinali chitatha ntchito kalekale. Makoswe anachilawa, a Musaphethire anachimanga ndi pulasitala wa pachilonda, ndipo chikakana ankanyambita kamutu kake n'kukalowetsanso. Tsiku lina chinafa ukwati uli mkati. Zithunzi zinatuluka anthu onse ali ngati zitsa zopsa, mano okha mbee, ndipo mayi a mkwati anawalalatira mpaka agalu a kumsika anakuwa nawo.

"Mawa tikagule fulashi ina," anatero a Musaphethire madzulo ake. "Akuti kunabwera zopanda chingwe."

Kanyali anatchera khutu. Anali ataonapo ojambula ena akuimika fulashi pa kamtengo ka miyendo itatu, kokhakokha, popanda munthu woinyamula. Anagona akuganiza za mapazi ouma.

Sitoloyo inali kachipinda kopanikizika, kodzaza mawailesi akufa ndi mafoni osweka, kakununkha fumbi ndi thukuta. Mwini wake anali bambo wonenepa amene ankatokosa m'mano ndi kawaya, n'kumapukutira zotokosazo m'mphepete mwa kauntala. Atatsitsa katoni ya mafulashi, mphemvu zinabalalika, ina n'kukwera dzanja la Kanyali. Anaikutumula.

"Madala, sankhani," anatero wa sitolo. "Kakang'ono aka kamayaka kakaona kuwala kwa inzake. M'nyumba n'kabwino. Padzuwa kamachita khungu, mudzadina mpaka chala kutupa."

"Chotsani. Ine ndi wa panja."

"Ndiye iyi. Ili ndi kabokosi koika pamwamba pa kamera. Mukadina, kabokosi kamaiuza iyo kuti yaka, ngakhale ili kutali. Dzuwa silisokoneza. Mabatire ake ndi omwewa a tochi."

A Musaphethire anatsegula pokhala mabatire. Munali zoyera zouma, zotuluka m'batire lophulika la mwini wake wakale. Anazipala ndi chikhadabo, kununkhiza, kenako anaika chikhadabocho palilime. Kanyali anatembenukira kukhoma.

"Imafika pati?" anafunsa a Musaphethire.

"Kuchoka pano mpaka tsidya la msewu."

"Mvula imaiopa?"

"Madala, ndi chinthu cha magetsi chiti chimene chimakonda kusamba? Mukaiviika, musabwerenso kuno." Wa sitolo anawerama n'kutulutsa ina yaikulu ngati mutu wa mwana wa ng'ombe. "Koma mfumu yake ndi iyi. Batire lake ndi lotchaja, imagonjetsa dzuwa la masana. Kulemera kokha."

A Musaphethire anaipereka kwa Kanyali. "Tanyamula, mayi. M'mwamba. Kweza ndithu."

Anaikweza. Amuna awiriwo anayamba kucheza za mpira, iye ali chiimire pakati pa sitolo, mkono ukunjenjemera, khanda likumukoka mpango. Anthu odutsa ankasuzumira pakhomo. Mkono utagwa wokha, bambo ake anapukusa mutu.

"Iyi ayi. Mayi ake akanaitha, koma ana a masiku ano mafupa ndi a nkhuku yoyera. Tipatseni yapakatiyo."

"Sitandi mutenganso?" Wa sitolo analoza kamtengo ka miyendo itatu kali pakona, kangaude atamangapo nyumba. "Mumangoimika, fulashi pamwamba, ambulera yofewetsa kuwala pambali. Achemwaliwa apume."

Kanyali anakayang'ana kamtengoko ngati munthu wanjala woyang'ana mphika wa eni. Anayesa kutsegula pakamwa.

"Bambo, mwina kameneko..."

"Kameneko mphepo ikawomba kamagwa," anamudula. "Ungakauze kuti sendera kumanzere? Kamamva? Ine sitandi ndili nayo kale. Imayenda yokha, madzulo imaphikanso."

Wa sitolo anaseka mpaka kutsamwa, timalovu tikugwera pagalasi la fulashi imene ankaikulunga m'nyuzi. Kanyali anayang'ana pansi, makutu akutentha.

Ali m'njira ndi pamene anamva chifukwa chenicheni chimene bambo ake ankafunsira za kutalika. Ankayenda patsogolo akuyankhula okha mosangalala. Chingwe chija, iwo anati, chinkawamanga manja. Fulashi ikakhala pafupi imawalitsa anthu awiri okha. Koma tsopano wonyamula akhoza kubwerera m'mbuyo, kukaima pakati penipeni pa ngalande, ndiye kuwala kugwira gulu lonse, operekeza ndi makolo omwe. Kanyali anaima mumsewu. Chingwe chimene ankadana nacho chija ndi chimene chinkamusunga m'mphepete.

Loweruka lake kunali ukwati waukulu. Dzuwa linali lowawula, ndipo a kubutchala anali atangotsuka. Ngalande inafiira, ikuyandamitsa timatumbo ndi mafuta oundana. Pakati pake panatsakamira chinthu chotupa, chaubweya, chimene mphutsi zinkachiyendetsa khungu ngati chikupuma. Gulu lonse linafola pakanjira kaja, operekeza mkwatibwi atanyamula madiresi m'mwamba, aliyense dzanja pamphuno.

"Ajambuli, changu!" anakuwa azakhali a mkwatibwi, mayi wa chipewa chachikulu. "Mwatibweretsa kuchimbudzi kuti tidzagone konkuno?"

"Pompano, mayi, pompano. Iwe, tsika. Upitirire mwala uja, ukaime pakati."

Kanyali anavula patapata. Anaponda pamwala wa mayi ake uja, n'kutsitsa phazi limodzi. Madzi anali ofunda ngati mkodzo. Anasuntha pang'ono, pansi pakuterera, china chofewa chikuphwanyika pakati pa zala. Madzi anafika m'katumba, kenako m'bondo, ndipo pakati panali pakadali patsogolo. Apo khanda linatakataka kumsana, n'kutambasula kamwendo. Anacheuka. Kaphazi kake kopanda nsapato kankalendewera pamwamba pa mafuta aja, tizala tikusewera, kufuna kugwira madzi. Kaphazi komweko kamene mwanayo ankakonda kukayamwa akagona chagada.

Kanyali anabwerera. Anakwera pamtunda, miyendo ikuchucha zakuda, n'kuika fulashi paudzu, pamapazi pa bambo ake.

"N'chiyani?" anafunsa monong'ona, akumwetulira kwa anthu. "Waponda botolo?"

Kanyali anapukusa mutu.

"Ndiye lowa. Anthu akudikira."

"Ayi, bambo."

"Ukuti chiyani?"

"Sindilowamo." Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana, koma anatuluka.

"Mayi ako analowa m'menemu mpaka imvi, sanadandaulepo."

"Mapazi awo ndinkatsuka ndine."

Azakhali aja anaomba m'manja. "Eee, koma lero tiona! Nyali yanyanyala ntchito. Ajambuli, ngati zakukanikani nenani, ana awa ali ndi mafoni."

Mawu akuti mafoni anawalasa a Musaphethire kuposa chitonzo china chilichonse. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana gulu, anayang'ana ngalande imene anakhala akuiona tsiku ndi tsiku kuchokera pouma. Kenako anavula kamera m'khosi n'kumukoleka Kanyali.

"Zonse ndakonza kale. Usuzumire apa, onse akwane, udine apa. Usagwedeze."

Anapinda buluku, kutola fulashi, n'kutsika. Phazi loyamba litalowa, nkhope yawo inakwinyika ngati aluma ndimu. Anapitirira mwala. Madzi anawafika m'mawondo, n'kumeza buluku lopindalo, kufika m'ntchafu. Chinthu chotupa chija chinasuntha ndi mafunde awo n'kubwera kudzawakhudza m'chiuno. Anachikankha ndi chigongono, chinaphulika, ndipo fungo lake linawagwetsa operekeza awiri m'maluwa. A Musaphethire anawerama n'kusanza, dzanja la fulashi lili m'mwamba.

Kanyali anasuzumira m'kamera. Anthu onse ankamuyang'ana iye, chinthu chimene ankachiopa moyo wake wonse. Mawu a bambo ake aja sanawakuwe, anangodina. Fulashi inathwanima kuchokera pakati pa ngalande. Anadinanso, ikathwanimanso. Pakagalasi ka kumbuyo kwa kamera anaona chithunzi chopendekeka, chipewa cha azakhali chitadulidwa theka, koma nkhope zonse zikuwala, kuyambira mkwati mpaka kamwana ka kumapeto.

"Zatheka?" anakuwa azakhali. Asanayankhidwe n'komwe gulu linali litayamba kale kuthawa, madiresi m'manja, ena akulavula.

Panatsala awiriwo ndi ntchentche. A Musaphethire anayenda pang'onopang'ono kubwerera m'mphepete, akutsetsereka, milomo ili mbuu. Pafupi ndi mwala uja phazi linatitimira m'matope n'kukana kuzuka. Anaima pamenepo akupuma mwabefu, zonyansa zili m'malaya, akuyang'ana mwalawo nthawi yaitali ngati akuuona koyamba.

"Mayi ako..." anayamba, koma sanamalize.

"Ine m'menemo sindidzalowamonso, bambo. Ngakhale m'mphepete."

"Ndamva."

"Ngakhale Loweruka likubwerali."

"Ndati ndamva, mayi."

Kanyali anamangitsa nsalu ya mwana, anagwada pouma, anapumira m'kamwa n'kutambasula dzanja kuti awakoke. Iwo analiyang'ana dzanjalo, anayang'ana lawo lakudalo, kenako anakweza linalo limene linali lisanatsike chilowereni m'madzi.

"Ine ndidikira," anatero. "Landira kaye fulashiyi, ingadonthere madzi."