Kamtsikana kathu kaja kakuperekabe ndi manja awiri

Achimwene, lero chakwana chaka chitisiyireni. M'mawa uno foni yandikumbutsa kachithunzi koyenda kaja tinapangira limodzi m'chipinda mwanu ku Troyeville, ku Joni kuno, kotumizira amayi kumudzi pa Tsiku la Anakubala. Munandiikira pulogalamu yosavuta ija pa laputopu, ine n'kusankha kamtsikana kopangidwa kale, kooneka mbali zonse ngati chidole, n'kukagwiritsa chitenje. Nditadina, kanazungulira n'kutambasula dzanja limodzi, lamanzere, kali chiimire. Ine ndinanyadira. Inu munagwira pakamwa: "Eish, mlongo, mwana wa ndani ameneyu? Amayi akaona adzati Joni yatiwononga." Tinalimbana nako mpaka kanapinda mawondo n'kupereka ndi manja awiri. Amayi anaimba foni akululutira.

Munkati ntchito imeneyi ndidzaitha, ndipo simunaname. Pano ndimapangira tizithunzi totere amasaluni ndi amipingo, sindiopanso. Wina akandiuza kuti zaulemuzo n'zotayitsa nthawi, ndimamuuza kuti akapangitse kwina. Palibe kamunthu kotuluka m'manja mwanga kosadziwa kugwada. Muuse mumtendere, achimwene. Tizidole tathu tonse n'toleredwa bwino.