Mtima wa Nkhumba

Ndikukumbukira fungo la sipinachi yotendera chiponde m'holo yomwe mpingo wathu unkabwereka ku Beaumont Leys. Azimayi ankaitchula mkhwani pongodzitonthoza. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mwana wobadwira ku Leicester, ndipo Chichewa changa chinali chotsimphina moti ndikangotsegula pakamwa anthu ankakonzekeratu kuseka.

Chaka chimenecho bambo anga anachitidwa opaleshoni. Kachitseko kena ka mumtima, komwe madokotala amati valavu, kanali katatha ntchito, ndiye anawaikira ka nkhumba. Tsono ife ndife osunga Sabata, nkhumba sitiyandikira, ndipo bambo anali mkulu wa mpingo. Amayi, omwe ndi namwino, anandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti magazi a munthu akakumana ndi mnofu wachilendo amatha kuundana, ndipo kachibuluma kakathawira ku ubongo munthu akhoza kufa. N'chifukwa chake bambo ankamwa kapiritsi tsiku lililonse koletsa magazi kuundana, ndipo anauzidwa kuti asamachulutse ndiwo zamasamba chifukwa zimafooketsa mankhwalawo. Pomaliza anati, "Izi n'za m'nyumba muno."

Mawu amenewo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Kusukulu aphunzitsi anali atatiuza kuti akatswiri akuyesa kuika mitima ya nkhumba mwa anyani koma magazi amangoundana. Ine ndinkaona kuti bambo anga awapitirira anyani onsewo, ndipo ndinkanyada.

Sabata lina titaweruka, Mayi Nyirenda, omwe ankagawa chakudya, anafuna kuwathirira bambo chipande chodzaza cha sipinachi ija. Bambo anakana mwaulemu.

"Kodi akulu ampingo, mwayamba kunyoza ndiwo zakwathu? Mwasanduka mzungu?" anawaseka mayiwo.

Ndinafuna kuwaikira kumbuyo, komanso kuonetsa kuti Chichewa ndimachitha. Ndinakweza mawu. "Adadi sangadye zambiri. Ali ndi mtima wa nkhumba."

Sindinkadziwa kuti pa Chichewa mtima si nyama yokhayo yogunda pachifuwa, ndi khalidwe la munthu. Ndinali nditatukwana bambo anga pamaso pa mpingo. Masipuni analeka kulira, ndipo nditaona nkhope za anthu ndinafuna kukonza, n'kuwonongeratu. "Ayi, nkhumba yeniyeni. Anawaika kuchipatala."

Bambo anaika mbale pansi bwinobwino n'kukatidikira m'galimoto. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

Palibe anawachotsa paudindo, koma manong'onong'o anayamba. Ena ankafunsana ngati munthu wonyamula chodetsedwa m'chifuwa angagawe Mgonero. Bambo analeka kukhala kutsogolo. Ndiye m'mawa wina ndikufunafuna nsapato zakusukulu, ndinawapeza kukhitchini akugwetsera kapiritsi kaja m'sinki n'kutsegula mpopi. Anandiyang'ana.

"Ngati magazi anga akuikana nkhumbayi, ndine yani kuti ndiwakakamize?" anatero chapansipansi.

Ndinazyolika n'kutuluka. Amayi anali m'chipinda akugona atachoka kuntchito, chitseko chili pafupi pomwepo, koma sindinagogode. Pakamwa panga panali patawononga kale zinthu, ndiye ndinaganiza kuti mwana wabwino ndi wokhala chete. Chimenechi ndiye chimandichititsa manyazi kuposa za m'holo zija.

Patapita masabata atatu, masana a Lamlungu, kapu ya tiyi inawapulumuka bambo. Kamwa linapotokera kumbali, mawu akutuluka osamveka. Amayi anaimba foni yoitana ambulansi mawu ali phee ngati ali pantchito. Kuchipatala anati kachibuluma kanachokera pa valavu paja. Moyo anaupulumutsa, koma dzanja lamanzere silinabwererenso.

Masiku ano zinthu zinasintha. Timamva za anthu oikidwa impso za nkhumba, ndipo mumpingo momwemo muli akuluakulu ena omwe amakamba za mavalavu awo momasuka akudya, n'kumakumbutsana za mapiritsi. Bambo nawo amadziseka, amati iwo anayamba kale zisanatchuke. Chichewa changanso chinawongoka. Koma Sabata lililonse m'mawa ndine amene ndimawamangira tayi, chifukwa ndi dzanja limodzi sangathe. Amakweza chibwano n'kunena kuti, "Zikomo mwananga," ndipo mpaka lero amayi sadziwa zomwe ndinaona pasinki paja.