Nyale ya Njinga ya Bambo

Njinga yamoto ya bambo inabwerera kumudzi pangolo, eni ake titawaika kale m'manda. Anagwa nayo pa kamlatho ka m'dambo, panjira yochokera ku Nsaru, kachisisira, mvula ikugwa. Amene anawatola anati nyale inali yozima. Amayi analamula kuti iponyedwe kuseri kwa chigafa cha fodya, ndipo inakhala kumeneko zaka zambiri, matayala ataphwa, mavu atamanga kunsi kwa thanki. Nkhuku zathu zinkaikira paliponse, koma pamenepo ayi.

Ndinaikumbukira mkazi wanga ali ndi pakati pa mwana wathu woyamba. Dzinja linali pafupi, ndipo kwathu mvula ikalimba galimoto sizifika. Ndinkafuna kuti tsiku lake likadzakwana ndidzathamange naye ku chipatala ku Kabudula.

"Ukuifuniranji imeneyo?" anandifunsa amayi atandipeza ndikuipukuta.

"Ndikufuna ndikaikonzetse, amayi."

Anayang'anitsitsa chiwongolero chopindikacho nthawi yaitali. "Inadya kale mmodzi," anatero, n'kumapita kudimba.

Ndinapopa matayala n'kuikankha mpaka ku Nsaru, kwa makaniko wina wachikulire amene ankawadziwa bambo. Ataiona sanandifunse kuti ndine mwana wa yani. Anangoti, "Yabweranso, eti?"

Injini sinavute. Anatsuka kabuleta, anaika pulagi yatsopano, tinathira mafuta, ndipo ataponda chitsulo cholizira injini kangapo inatsokomola utsi wakuda n'kuyamba kulira. Kulira kwake kunali komwe kuja ndinkakumva ndili mwana bambo akamatulukira pamtunda. Vuto linali magetsi. Batire silinkatchaja, ndipo nyale inkangofiira ngati khala lotsala pang'ono kuzima. Makanikoyo anatsegula chivundikiro cha pambali pa injini. Koyilo, imene imapanga magetsi injini ikamazungulira, inali bii, ndipo fungo la mawaya opsa linali likadalimo.

"Iyi sinapse tsiku la ngozi ayi," anatero motsitsa mawu. "Inapsa kalekale. Akuluwa ankangoyenda choncho, mumdima."

Tinagwirizana zochotsa za magetsi zonse zakale. Ndinapita mutauni kukagula koyilo yamphamvu ya njinga zamakono zija za kabaza, batire lalikulupo, mawaya, fyuzi, ndi kabokosi kotchedwa leguleta kamene kamaletsa magetsi kupyola muyeso. Zina sizinkakwanirana ndi njinga yakaleyo, ndiye anachita kuboola ndi kupala. Atamaliza, nyale inawala mpaka kuthobwa m'maso dzuwa likuswa mtengo.

Ndinanyamuka masana omwewo. Chakumadzulo kunali kutada, mphepo ikunyamula fumbi ndi masamba m'minda yongogalauzidwa kumene. Njinga inkayenda bwino, ine n'kumadzimva kuti ndachita zamphamvu. Ndinatsetsereka kulowa m'dambo, ndipo tayala lakutsogolo litangokhudza matabwa a kamlatho kaja, zonse zinangoti zii. Injini, nyale, hutala.

Ndinamva achule okha. Pansi pa mlatho panali timadzi takuda tosayenda, ndi miyala ija anandilozera anthu tsiku la maliro. Ndinaponda, ndinapondanso, koma sinayankhe. Kunagunda bingu. Sindinafune kuimanso pamenepo, ndiye ndinaikankha chothamanga mpaka kumtunda, osacheuka.

M'mawa mwake nditaibwezera kwa makaniko uja, anapeza chifukwa chake msanga. Waya watsopano unkakhuzika pa chitsulo chimene chinapindika pa ngozi ija, unasupuka, fyuzi n'kupsa. Anaukulunga bwino n'kuudutsitsa kwina. Nkhani yake inali yomveka, ndipo ine ndinaikhulupirira. Koma amayi ena amene ankathirira m'madimba anali atandiona dzulo lake, ndipo mbiri inali itafika kale kunyumba.

"Bambo, ine imeneyo sindikwera," anandiuza mkazi wanga. "Olo mundikalipire."

Sindinamukalipire. Anapita msanga kukadikirira kuchipatala limodzi ndi amayi ake, mvula isanalimbe, ndipo ntchito ya njingayo inangokhala yowapititsira ufa ndi nkhuni. Kunabadwa mwana wamkazi.

Njingayo ndikuyenderabe, ndipo sinazimenso panjira. Mwanayo tsopano akuyenda. Zidole sazifuna, nkhuku sazithamangitsa. Ukangomutaya m'maso, umamupeza wakwera pathanki, timanja tili pa chiwongolero, akuyang'ana kunjira ali duu. Amake akamuona amataya chilichonse chili m'manja n'kuthamanga kukamutsitsa, iye n'kumalira ngati wamenyedwa.