Magalasi a ku Joni atatha moto

Mwamuna wanga ali ku Joni, ndipo anatitumizira magalasi oonetsa kanema ngati uli momwemo. Kuno ku Bolero timavala mosinthana, koma kutchaja pa sola ndi ntchito yanga. Lamlungu lina ndinaiwala.

Nditavala, munali mdima wokhawokha, koma sindinavule. Ndine wa ku Dedza, nthabwala za Chitumbuka zimandipitirira, ndiye mumdimamo ndinapumulako kuseka kokakamiza. Ndinkangotembenuza mutu ngati kadzidzi.

"Mukuona vichi?" anafunsa apongozi anga.

"Misewu ya ku Joni, amama."

"Ndipatseni, mwina ndimuona."

Anavala, n'kukhala nawo kumaso nthawi yaitali. Atavula anandigwira dzanja.

"Yewo, mwana wanga. N'kokongola chomene."

Mpaka lero sitinakambiranepo.