Phala la Yohane

Ndikakumbukira aNabanda, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu ku Sinda, ndimamva fungo la makungwa akunyeka pamwamba pa mbiya zawo, ndi kaphokoso ka chitsononkho chikupala dongo lonyowa. Anali amasiye osalankhulalankhula, ndipo mwana wawo yekhayo, Yohane, ndiye ankawapondera dothi.

Boma la Chitaganya lili pafupi kutha, mlongo wanga Lemekani anabwerako kumigodi kumene ankakhala ndi amalume. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Kumeneko ankaonera bayisikopo sabata ndi sabata, azungu apahatchi owomberana ndi kukokana pazingwe. Anabwera ali wina: chala chili chiloze ngati mfuti, nkhuku ikadutsa n'kuimenya theche, iye n'kumaseka.

Tsiku lina masana, kudambo kobusira ng'ombe, anapota chingwe cha luzi, anamukola Yohane m'khosi n'kuyamba kumuguza akuthamanga. Amayi ena ochokera kudimba ndiwo anamumasula mwanayo, maso atatuzuka, thovu lili kukamwa.

Mudzi wonse unadzaza pakhomo pathu. Amayi anadziphimba kumaso ndi nsalu, ine ndinasowa poyang'ana. Atate anatulutsa chikoti.

"Umafuna kupha munthu iwe?"

"Ayi atate," anatero Lemekani. "Pabayisikopo okokedwawo amadzuka. Sabata inayo amakhalaponso."

Pamenepo aNabanda anatulukira, dongo litaumira m'manja, ndipo anagwira chikoticho.

"Ikani pansi, aPhiri. Kumenya waonera kokwanira. Mutu wa mnyamata ndi mbiya yosaotcha, chala chilichonse chimatsalapo. Azibwera kwathu, azimumwetsa mnzakeyu phala mpaka adzameze yekha."

Lemekani anapitadi m'mawa uliwonse. Ankagwira chipande, Yohane akutsamwa, phala likubwerera m'mphuno, aNabanda ali chapafupi akuumba osacheuka. Pobwera mlongo wangayo ankapita kuseri kwa nkhokwe kukalira. Mlandu aNabanda sanatiimbe, ndipo chimenecho ndicho chinatilemera koposa. Amayi anasiya kudutsa pakhomo pawo popita kuchitsime, ankazungulira kutchire, mpaka aNabanda anadzawatenga okha pamkono.

Yohane anachira, koma mawu ake anasasa mpaka imfa yake. Ndikamva munthu wosasa mawu, mpaka lero ndimaweramitsa mutu.

Adzukulu anga akaunjikana pafoni kuonera anthu akuphana, sindiwalanda. Ndimakhala pakati pawo, n'kuloza wagwayo, n'kufunsa: "Nanga uyu mawa amumwetsa phala ndani?"