Chipinda cha kuseri kwa okala

Ganizo loti ndipite ku Beira kukaphunzira za bizinesi linali la mng'ono wanga Zuze. Iye sukulu anaisiya kalekale, ankaolotsa anthu pabwato kwathu ku Nyachikadza. Anagulitsa ng'ombe imene bambo anatisiyira n'kunena kuti, "Achimwene, mutu muli nawo ndinu. Pitani, ine zanga ndi zam'madzi." Amayi sanakondwe. Kwathu munthu akaoloka malire n'kumatchula bizinesi, anthu amaganiza za asing'anga, osati za mabuku.

Chaka choyamba chinayenda bwino. Chachiwiri dziko lija linavuta chifukwa cha zisankho. Mabanki ankatsegula mwa apo ndi apo, mtengo wa buledi wam'mawa sunkafika madzulo. Aphunzitsi ankatifotokozera za kukwera kwa mitengo utsi wa matayala ukulowa pawindo. Kenako mafoni anasiya kugwira, msewu wobwerera kwathu n'kutsekedwa. Masana mzinda unkangoti zii, mumsewu mukuyenda agalu okhaokha. Ndinkagulitsa sopo ndi mchere pakhomo kuti ndipeze chodya, ndipo ndinasowa kwathu mpaka kuwonda.

Foni itayambanso kugwira ndinapeza uthenga wakalekale. Bwato la Zuze linapezeka likuyandama lokha m'bango, nkhafi ili momwemo. Thupi silinaoneke, choncho anaika thunthu la nthochi m'manda monga timachitira. Ine mkulu wake pamaliropo panalibe.

Nditamaliza maphunziro ndinabwerako ndi makatoni a katundu n'kutsegula okala pa boma la Nsanje. Kuseri kunali kachipinda kosungira katundu, kamene ndinkakhoma ndi loko poopa akuba. Malonda ankayenda ndi alendo, koma anthu akwathu ankandipatsa moni ali patali, akudutsa mofulumira atagwira ana awo padzanja. Anandimasulira ndi mayi wina wogulitsa tomato pafupi nane.

"Inu simunamve? Akuti Zuze sanafe. Akuti munamusandutsa ndondocha, muli naye kuchipindako, ndiye amene amakukokerani makasitomala."

Ndinaseka, kenako ndinapsa mtima. Koma za anthu ndinalibe nazo ntchito kwenikweni. Chimene chinkandidya ndi amayi, chifukwa chibwerereni anali asanandiyang'anepo m'maso. Ndinkafuna kumva pakamwa pawo kuti sakukhulupirira zimenezo.

Tsiku lina lamsika anatulukira dzuwa lili paliwombo, atanyamula mbale yovindikira yomangidwa m'kansalu. Mpando anaukana, anakhala pansi moyang'anizana ndi chitseko cha kachipinda kaja.

"Mwananga, sindinabwerere mkangano," anatero.

Ndinatsegula loko. "Amayi, onani nokha. Muli sopo, shuga ndi mafuta basi."

Sanasuzumiremo n'komwe. "Ndikudziwa kuti saoneka ndi maso. Iwe ungomupatsa izi. Ndi nyika, zikhawo zam'madzi zija, ndakazula ndekha kudambo, amazikonda. Ndipo usamamutume padzuwa, paja mutu umamuvuta."

Anandiyang'ana m'maso tsiku limenelo, ndipo munalibe mkwiyo. Ankandipempha. Apo m'pamene ndinazindikira kuti amayi anasankha kale: bola mwana mmodzi akhale mfiti, winayo ali moyo m'kachipinda, kusiyana ndi kuvomereza kuti Zuze anathera mu Shire. Ndikanawatsutsa, ndikanamupha ndine pamaso pawo.

Ndinalandira mbale ija ndi manja awiri, ndinaiika pamwamba pa katoni n'kukhomanso chitseko.

"Takhuta," anathokoza m'Chisena, monga amachitira mtima ukakhala pansi.

Mpaka lero tsiku lamsika sajomba. Akapita kokagula ndiwo ndimalowa m'kachipinda muja, ndimatseka chitseko, n'kudya nyika zonse misozi ikutsika. Akabwerera amavundukula mbale, amaipeza yopanda kanthu, ndipo amamwetulira.