Ndowa ya a Tordoff

A Stanley Tordoff anagwira ntchito ya ndowa zaka makumi atatu ndi chimodzi m'nyumba ya zisudzo ya kuseri kwa msika, mumzinda wa Leeds. Ntchito yawo inali kuima chilili pambali pa siteji, kuseri kwa chinsalu, ndowa ya mchenga ili m'manja.

Ntchito imeneyi inali ndi pochokera. Kalekale, agogo athu asanamere mano, nyumbayo inapsa yonse psiti chifukwa cha kandulo imodzi imene inanyambita siketi ya wovina. Ataimanganso, eni ake analemba lamulo loti moto weniweni ukayaka pasiteji, kaya ndi kandulo, kaya ndudu, kaya kamtengo ka machesi, munthu aime pafupi ndi ndowa ya mchenga, maso ali pamotopo mpaka uzime. Eni akewo anatsikira kulichete, ana awo nawonso anawatsata, koma lamulo linatsala lili nji. Fakitale ya ubweya imene ankagwiramo ntchito itatsekedwa, a Tordoff akadali ndi tsitsi lonse, anamva kuti mkulu wogwira ndowa wayamba kunjenjemera manja. Anavala tayi, anapita, ndowa inakhala yawo.

Anali munthu wamtali, wowonda ngati mtengo wa nyale ya mumsewu, wa ndevu zapamlomo zopesedwa bwino. Jekete lawo lakuda la mabatani amkuwa ankawasitira akazi awo, a Edna, Lolemba lililonse. Ife osoka zovala za m'masewero tinkadziwa kuti nthawi yakwana tikamva nsapato zawo pamasitepe, go, go, go, osafulumira, osachedwa.

Zaka zonsezo sanaonerepo sewero ngakhale limodzi. Pasiteji mafumu ankaphana, atsikana ankathawa ndi asilikali, anthu m'mipando ankalira mpaka kumina, koma iwo maso ali dwii pa lawi. Moto ukazima ankatula ndowa, n'kukhala pakampando kawo, msana kusiteji, kudikira moto wina. Komatu masewero ankawadziwa, mwa njira yawoyawo. Anansi awo ankawafunsa podikira basi.

"A Tordoff, la sabata ino lili bwanji? Tikaonere?"

"Musadzivute. Ndudu imodzi yokha, nayonso amaizima isanafike pakati."

"Nanga la mwezi watha lija?"

"Limenelo ndiye sewero. Makandulo asanu ndi anayi, miuni iwiri. Analembayo ndi munthu wozindikira."

Kunyumbanso khalidwe linali lomwelo. Tsiku lokumbukira kubadwa kwa a Edna, ana akayatsa timakandulo pakeke n'kuyamba kuimba, bambo wawo ankaimirira kumbuyo kwa mpando, kapu ya madzi ili m'manja, osaimba nawo.

"A Stanley, takhalani pansi, mukuchititsa ana mantha."

"Uzira kaye, mayi, tikambirana pambuyo."

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chimene ndikunenachi kunabwera woyang'anira nyumba watsopano, mayi wa ku London dzina lake Philippa Crane, wa magalasi ofiira, woyenda ngati wasiya mkaka pamoto. Sabata yachiwiri anawaitana a Tordoff ku ofesi n'kutsegula katoni. Munali makandulo a batire. Anatola imodzi, anadina kabatani kunsi kwake, kalawi ka pulasitiki n'kuyamba kuphethira.

"Taigwirani, a Tordoff. Siwotcha."

"Ngati siwotcha, mayi, ndi moto wanji?"

"Ubwino wake ndi umenewo."

"Nanga ine ndiziyang'ana chiyani?"

Mayi Crane anakonza magalasi. "Tandiuzani, bambo. Zaka zonsezi mwazimitsapo moto kangati?"

"Sindinazimitsepo."

"Mwaonatu."

"Nanunso mwaonatu, mayi. Moto umandidziwa ine."

Lamulo la makolo silikanafafanizidwa ndi munthu mmodzi. Akuluakulu osunga nyumbayo anati atumiza munthu wawo, a Oldroyd, adzaonere sewero la Lachitatu masana ali kuseri kwa chinsalu. Akadzapeza kuti ndowa ilibe ntchito, makandulo a batire adzalowa, ndipo a Tordoff adzapita kwawo kukathirira maluwa.

A Edna atamva anakhala pansi, nsalu yopukutira mbale ili paphewa.

"Ndiye muzikhala pakhomo pano kuyambira m'mawa? Kundiimira kumbuyo ndikukazinga mazira? A Stanley, ine ndithawira kwa achemwali ku Bradford."

Ananena moseka, koma m'mawa mwake anawapeza amuna awo atakhala kukhitchini atavala jekete lija, manja ali pamaondo, tiyi atazizira. Sanasekenso. Anawathirira wina wotentha, n'kuwakonzera kolala.

M'sewero la nthawi imeneyo munali Mayi Vera Sugden, nkhalamba ya mawu a bingu, imene inakhala ikusewera akazi amasiye zaka makumi anayi pamene amuna ake enieni ali moyo, onenepa, akuweta nkhunda. Sewerolo linali la mkazi wodikira mwamuna amene anapita kumgodi osabwerera, ndipo chakumapeto mkaziyo ankayatsa kandulo pazenera. Lachiwiri mayiwa anawakokera a Tordoff m'kachipinda ka mawigi n'kutseka chitseko.

"Tamvera, Stanley. Mawa ndikamayatsa kandulo, nsonga ya shawelo yanga igwira moto. Pang'ono pokha. Iwe uthamange, uthire mchenga wakowo, mkulu wa mapepalayo aone. Nkhani yatha."

"Achemwali, ntchito yanga ndi yoti moto usayake."

"Ndiye chikukuchotsa ntchito n'chimenecho, mbuli iwe! Anthu sathokoza moto umene sunayake."

"Sindingavomere."

"Ndani wakupempha kuvomera? Shawelo ndi yanga."

A Tordoff anatuluka atakwiya, ndipo anakauza a Edna kuti Vera wakalamba, akungobwebweta.

Lachitatu kunacha ndi kamvula kamawawa. Sewero la masana ndi la nkhalamba, zija zimabwera ndi masiwiti m'zikwama ndi tiyi m'mafulasiki, n'kumafunsana mokweza kuti, "Wati chiyani?" Nyumba inadzaza bwino ndithu. A Oldroyd, kamunthu kadazi kosaseka, anaima pambali pa a Tordoff ndi kabuku ndi pensulo.

"Muchita chiyani tsopano?" anafunsa monong'ona.

"Ndikuchita kale."

A Oldroyd analemba.

Nthawi ya kandulo inafika. Mayi Sugden anakhwetcha machesi, anayatsa, anayang'ana pazenera ndi nkhope ya chisoni, kenaka anawerama mopitirira muyeso. Nsonga ya shawelo inagwira moto. Koma shaweloyo siinali ya ubweya weniweni monga iwo ankayesera. Inangoti lawilawi, moto kukwera paphewa ngati gologolo.

"Stanley!" anakuwa, mawu osakhala a m'sewero. "Stanley, galu iwe, fulumira!"

A Tordoff anathamanga. Aka kanali koyamba kuti aponde pasiteji anthu akuona. Magetsi anawathobwa m'maso, koma lawi analiona. Anaima bwino miyendo, anakweza ndowa monga anachitira m'maganizo zaka makumi atatu ndi chimodzi, n'kukhuthula.

Simunatuluke kanthu.

Anagwedeza. Anamenya kunsi kwa ndowa ndi chikhato. Pamenepo mchenga wonse unatuluka pamodzi, uli chimwala chooneka ngati ndowa yomweyo, n'kugwa pathabwa kuti khu! Chinagubuduzika pang'onopang'ono, chinadutsa pamapazi a mkazi wamasiye, chinagwetsa kampando, n'kukaima kutsogolo kwenikweni, chili njo, kuyang'ana anthu.

Motowo anazimitsa ndi mayi wina wa mumzere woyamba. Anaimirira ndi ndodo yake, anatsegula fulasiki, anamwaza tiyi yense paphewa la Mayi Sugden, n'kukhalanso pansi. Kenaka nkhalamba zinayamba kuseka, kuseka kwa misozi, ena mano oikirira ali m'manja, ndipo m'manja munaombedwa mpaka chinsalu chinatsika n'kukweranso kawiri. Onse ankayesa kuti ndi mmene sewerolo analilembera.

Mayi Sugden anangowauka tsitsi la wigi basi. Kuseri kwa chinsalu tonse tinazungulira chimwalacho, a Oldroyd akuchigogoda ndi pensulo.

"Mchenga umenewu munausintha liti?"

"Lamulo silinena zosintha," anatero a Tordoff, mawu ali pansi. "Limati ndowa ya mchenga."

"Nanga waumiranji chonchi?"

Tonse tinayang'anana. Kenaka mkulu wokoka zingwe za chinsalu anatsokomola.

"Ine nthawi zina ndinkathiramo tiyi wotsala. A Tordoff akapita kukataya madzi."

"Inenso," anatero wopenta. "Ndi madzi otsukira maburashi."

"Guluu womatira ndevu," anatero Mayi Sugden. "Kuyambira chaka chimene unabwera, Stanley. Pepa."

Nafenso osoka tinaweramitsa mitu, poti sitachi wotsala tinkamutaya kuti? Aliyense ankayesa kuti ndi yekha. A Tordoff anatiyang'ana mmodzimmodzi, osakalipa. Anatola ndowa yopanda kanthu ija, anaiika pansi pa kampando kawo, n'kupita kukakwera basi sewero lamadzulo lisanayambe, chinthu chimene sanachitepo.

Kalata ya a Oldroyd inafika Lachisanu. Inati moto weniweni usadzayakenso m'nyumbamo, ndipo ntchito ya ndowa yatha kumapeto kwa mwezi. A Edna anaiwerenga kawiri, anaipinda, anaiika kuseri kwa wotchi.

Koma nkhalamba zija zinali zitauza anzawo kutchalitchi, kuchipatala, ndi pamzere wogula nsomba. Pazenera la matikiti anthu anayamba kufunsa kuti, "Sewero la mwala lija ndi limeneli?" Amene analowa Loweruka n'kupeza mkazi wamasiye akungolira bwinobwino mpaka kumapeto anatuluka akunyinyirika kuti awanamiza. Mayi Crane sanali wogona. Lolemba analamula kuti mwala ulowe m'sewero: shawelo iziyaka ndi timagetsi tofiira, munthu azithamanga ndi ndowa, chimwala chizigwa.

"Ndiye a Tordoff abwerera?" tinafunsa.

"Sizingatheke. Alibe khadi la bungwe la ochita zisudzo. Pasiteji saloledwa."

"Koma anapondapo kale!"

"Imene ija inali ngozi. Ngozi siifuna khadi."

Anapatsa mbaliyo a Desmond Firth, bambo wamfupi wamimba, amene anamata ndevu zapamlomo, anavala jekete la mabatani amkuwa, n'kukhala a Tordoff. Poyeserera koyamba chimwala chinagubuduzikira kumbali, chinatsika pasiteji, n'kuphwanya mpando wa mumzere woyamba. Mwamwayi munalibe munthu. A Oldroyd anaitanidwanso. Anayeza chimwalacho pasikelo ya kumsika, anayenda mozungulira, analemba masamba atatu. Chigamulo chawo chinali chakuti choopsa m'nyumbamo tsopano si moto koma mwala, choncho mwala ukakhala pasiteji, munthu wodziwa khalidwe lake aime kuseri kwa chinsalu, maso ali pamwalapo, mpaka utuluke.

"Ndani akudziwa khalidwe la mwala?" anafunsa Mayi Crane, atagwira mutu.

"Amene anaunyamula zaka makumi atatu ndi chimodzi," anatero a Oldroyd, akutseka kabuku.

Mayi Crane anapita okha kunyumba kwa a Tordoff. Anawapeza ataima pakhomo la khitchini, a Edna akukazinga mazira nkhope ili gwa. Asanamalize n'kufotokoza komwe, a Edna anali atatenga kale jekete pa msomali.

"Atengeni, mayi. Ngakhale pompano."

A Tordoff anabwerera pamalo pawo penipeni, pathabwa lomwe linaperepeseka ndi nsapato zawo. Sewero la mwala linayenda miyezi isanu, ndipo litatha anthu anakana kuti mwala upume, mwakuti unkalowetsedwa m'sewero lililonse, la chisoni kaya la nthabwala, ngakhale la Khirisimasi. Chimene chinkawawawa n'kuona a Desmond akuthamanga ndi ndowa, akukuwa, miyendo ili tang'a.

"Achimwene, ine sindinakuwe."

"Anthu amakonda kukuwako, a Tordoff."

"Ndipo ndowa sagwira ngati mwana wa eni. Chigongono chizikhala pafupi ndi nthiti."

"Mwaseweraponso kangati inu?"

"Kamodzi. Koma ndine mwini wake."

Patapita miyezi a Tordoff anazindikira chinthu china. Chimwala chikagwa, timchenga tinkayoyoka m'mbali mwake, tochepa, todzaza supuni. Anawerengera mumtima n'kuona kuti pakutha zaka zitatu chidzatsala ngati mbatata, ndipo mbatata siifuna woiyang'anira. Kuyambira tsiku limenelo, sewero likatha, ankasesa timchengato ndi kaburashi, n'kutibwezera pamwala ndi chala, mosamala ngati akudyetsa mwana wa mbalame. Kwa mayi wophika tiyi ankaitanitsa makapu awiri.

"Winayo ndi wa ndani, a Tordoff?"

"Wa mnzanga. Muikemo shuga wambiri, amagwira bwino."

Anaima pamenepo zaka zina zisanu ndi zinayi, mpaka maondo anakana masitepe. Pamene ankachoka, a Oldroyd anabwera kudzayezanso mwala kuti alembe m'kabuku, ndipo anapeza kuti wanenepa.